Mavidiyo a Crash Course pa YouTube amatsegula bwino khomo la maphunziro asanu, koma cholembera chikufunikabe

Munthu amene wayamba kumene phunziro latsopano amavutika kwambiri chifukwa sadziwa kukula kwa munda umene walowamo. Lero amaloweza tanthauzo la atomu, mawa amva za maselo, mkuja amuuza za kukwera mitengo kwa zinthu, koma palibe womuonetsa kumene mfundo zimenezi zikulowera ndiponso pamene zimakumana. Poganizira vuto limeneli, ndinadzipatsa miyezi ingapo yoonera mavidiyo a Crash Course pa YouTube motsatira ndondomeko yake, kuyambira vidiyo yoyamba mpaka yomaliza, pa maphunziro asanu awa: mbiri yakale ya dziko lonse, bayoloje, kemisitiri, zachuma ndi jogalafe. Ndinkafuna kuona ngati munthu woyamba kumene angadalire mavidiyowa, ndipo ngati angatero, awadalire mpaka pati.

Crash Course inayambitsidwa ndi anthu awiri apachibale a ku America, John Green ndi mng'ono wake Hank Green, ndipo mavidiyo oyamba anatuluka mu Januwale 2012. John anatenga mbiri yakale, imene anaigawa m'mavidiyo 42, pamene Hank anatenga bayoloje m'mavidiyo 40, kenako mu 2013 anayamba kemisitiri imene ili ndi mavidiyo 46. Phunziro la zachuma linabwera mu 2015 ndipo lili ndi mavidiyo 35. Analiyambitsa ndi mtolankhani Adriene Hill pamodzi ndi mphunzitsi Jacob Clifford. Jogalafe ndiye inachedwa, chifukwa inayamba chakumapeto kwa 2020, ndipo Alizé Carrère anaiphunzitsa m'mavidiyo 50. Mavidiyo ambiri amatenga mphindi zapakati pa 10 ndi 15, moti maphunziro asanuwa pamodzi amakwana maola pafupifupi 40. Kuonera n'kwaulere, ndipo sipafunika kulembetsa kapena kupereka dzina.

Pa asanuwa, limene ndinaliona kuti linakonzedwa mwaluso kwambiri ndi la mbiri yakale. John Green analemba mavidiyowa mothandizana ndi Raoul Meyer, amene anali mphunzitsi wake wa mbiri kusekondale, ndipo zimaoneka kuti m'kalembedwe kake muli dzanja la munthu wodziwa pamene ophunzira amagwa ulesi. M'malo mondandalika maina a mafumu ndi zaka za nkhondo, vidiyo iliyonse imayamba ndi funso. Yoyamba yeniyeni ikufunsa chifukwa chimene anthu anasiyira moyo wosaka nyama ndi kutola zipatso n'kuyamba kulima, pomwe ulimi unawawonjezera ntchito ndipo unabweretsa matenda amene amafala anthu akakhala mothithikana pamodzi ndi ziweto. Funso lotere limachititsa woonera kuyamba kutsutsana ndi mphunzitsi mumtima mwake, ndipo munthu amene akutsutsa ndiye kuti akumvetsera. Ndinakondanso kuti nkhaniyi sinakhazikike pa Ulaya yekha. Pali vidiyo yofotokoza za Mansa Musa, mfumu ya Mali imene inapita ku Mecca mu 1324 itanyamula golide wochuluka moti anthu a ku Cairo anaukumbukira ulendowo kwa zaka zambiri. Palinso ina yonena za malonda a pa nyanja ya Indian Ocean, imene imaonetsa kuti amalonda a ku India, Arabia ndi mizinda ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Africa ankayenda modalira mphepo ya monsoon, imene imawomba kulowera mbali imodzi kwa miyezi ingapo kenako n'kutembenuka. Nkhondo ya akapolo a ku Haiti, imene inayamba mu 1791 n'kuthera pa ufulu wa dzikolo mu 1804, anaipatsa vidiyo yakeyake.

Komabe, mbiri ya zaka masauzande ambiri ikapanikizidwa m'maola osakwana khumi, zambiri zimatsala panja. Mayiko ndi maufumu amene akanafunika mavidiyo atatu kapena anayi amangotchulidwa modutsa, ndipo Africa, ngakhale anamuganizira, gawo lake ndi laling'ono poyerekezera ndi kukula kwa mbiri yake. Palinso nkhani ya nthabwala. John Green amabwerezabwereza nthabwala yakuti lamulo lililonse la mbiri yakale limagwira ntchito kwa anthu onse kupatula a Mongol, ndipo imeneyi ndi yothandiza chifukwa imakumbutsa woonera kuti ufumu wa mtsogoleri wawo Genghis Khan unali wosiyana ndi maufumu ena m'njira zambiri. Koma nthabwala zina zimachokera m'mafilimu ndi m'moyo wa achinyamata a ku America, ndipo munthu amene sanakulire kumeneko amataya nthawi pofuna kumvetsa chinthu chimene chilibe phindu pa phunzirolo. Vuto lake lenileni n'lakuti woyamba kumene sangathe kusiyanitsa msanga mawu amene ali mfundo ndi mawu amene ali nthabwala chabe.

Kemisitiri ndi pamene ndinaona malire a njira yonseyi. Pofotokoza nkhani za anthu amene anatulukira zinthu, Hank Green amachita bwino kwambiri. Nkhani ya Dmitri Mendeleev, amene mu 1869 anasanja maelementi (zinthu zoyambirira monga okosijeni ndi golide, zimene zimapanga zinthu zina zonse) m'tebulo n'kusiya mipata ya maelementi amene anali asanapezeke, amaifotokoza mogwira mtima, ndipo munthu akadziwa kuti gallium anapezeka mu 1875 ndiponso germanium mu 1886 ali ndi makhalidwe ofanana ndi amene Mendeleev ananeneratu, amasiya kuliona tebulolo ngati chinthu choloweza n'kuyamba kuliona ngati umboni wakuti chilengedwe chili ndi dongosolo. Chimodzimodzinso ndi mfundo ya Antoine Lavoisier yakuti zinthu zikasakanikirana n'kusintha, kulemera kwake konse sikuwonjezeka kapena kuchepa. Zoterezi zimalowa m'mutu mosavuta ndipo zimakhalitsa.

Koma kemisitiri yambiri ndi masamu, ndipo masamu saphunzirika ndi maso okha. Vidiyo imatha kukuuzani kuti mole imodzi (muyeso wowerengera tizidutswa ta zinthu) ya chinthu chilichonse ili ndi tizidutswa 6.022 × 10²³, ndipo imatha kukuonetsani kuti magalamu 4 a haidrojeni akaphatikizana ndi magalamu 32 a okosijeni amapanga magalamu 36 a madzi. Poonera, zonse zimamveka ndipo munthu amagwedeza mutu kuvomereza. Tsopano muzimitse vidiyoyo n'kudzifunsa kuti pangatuluke madzi ochuluka bwanji ngati haidrojeni atakhala magalamu 8 koma okosijeni akhalebe magalamu 32. Yankho lake ndi magalamu 36 omwe aja, chifukwa okosijeni amatha msanga ndipo magalamu 4 a haidrojeni amatsala osagwira ntchito, koma ndikukhulupirira kuti ambiri amene angoonera vidiyo kamodzi angayankhe kuti 40 kapena 72. Apa ndiye pagona nkhani. Kumvetsa pamene wina akufotokoza ndi chinthu china, ndipo kutha kuchita wekha ndi chinthu chinanso, koma mavidiyowa amapereka choyambacho mochuluka kwambiri moti munthu angadzinamize kuti wapeza zonse ziwiri. Chitsanzo chimodzi chimawerengeredwa pa sikirini mofulumira, manambala amaoneka n'kuzimiririka, ndipo vidiyo ikatha palibe mafunso oti woonera ayese yekha kapena womuuza pamene walakwitsa. Zimenezi zimaonekanso pa mitu ya pH (muyeso wa kukula kwa asidi m'chinthu), malamulo a mipweya ndi kuwerengera kutentha kumene kumatuluka zinthu zikamasintha. Pa mbali imeneyi Khan Academy, webusaiti ya maphunziro imenenso ndi yaulere, ili patsogolo chifukwa imapereka mafunso oyeserera ndipo imaonetsa njira yofikira pa yankho, ngakhale kuti mavidiyo ake sakopa maso ngati a Crash Course.

Bayoloje ili pakati pa ziwirizi. Zojambula zoyenda zimathandiza kwambiri pa zinthu zimene maso sangaone, monga mmene DNA (molekyu yosunga malangizo a chibadwa m'selo) imatambasukira n'kudzikopera, kapena mmene selo limagawikira pawiri. Buku lingajambule magawo a kugawika kwa selo m'zithunzi zinayi zosayenda, koma kuona makromozomu, timitolo ta DNA, akufola pakati pa selo kenako n'kukokedwera kumbali ziwiri kumachotsa chisokonezo chimene ophunzira ambiri amakhala nacho. Ndinayamikiranso kuti pofotokoza za kapangidwe ka DNA, kamene James Watson ndi Francis Crick analengeza mu 1953, Hank Green sanaiwale Rosalind Franklin, amene zithunzi za X-ray za m'labotale yake zinali umboni waukulu pa ntchitoyo. Pamene mavidiyowa amalemera ndi pa mitu ya mmene maselo amapezera mphamvu. Vidiyo imodzi yokha imanyamula magawo onse atatu a ntchitoyi, glycolysis, Krebs cycle ndi electron transport chain, ndipo maina a mamolekyu amabwera motsatizana ngati mvula ya matalala. Woyamba kumene amatuluka akudziwa kuti shuga ndi okosijeni zimalowa ndipo ATP (molekyu yonyamula mphamvu m'selo), madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi zimatuluka, zomwe ndi maziko abwino, koma zapakatipo zimafuna kuonera katatu kapena kanayi uku akujambula yekha papepala.

Tiyeneranso kukumbukira kuti mavidiyo a Hank Green a bayoloje ndi a 2012, ndipo sayansi imeneyi yayenda mtunda kuchokera nthawi imeneyo. Chaka chomwecho ndi chimene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafalitsa ntchito yawo yokhudza CRISPR, njira yosinthira majini imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2020. Ngakhale nambala ya ATP imene selo limapeza kuchokera ku molekyu imodzi ya shuga inasintha m'mabuku, chifukwa akale ankati 36 kapena 38 pomwe atsopano amati 30 mpaka 32. Eni ake anaona kufunika kokonzanso, ndipo mu 2023 anayamba mndandanda watsopano wa bayoloje umene amaphunzitsa ndi Samuel Ramsey, katswiri wa tizilombo amene amadziwika ndi kafukufuku wa njuchi. Amene akuyamba lero ndingamulangize kuti ayambe ndi watsopanowu, wakalewo aziupitira akafuna kumva mutu womwewo m'mawu ena.

Phunziro la zachuma limayamba bwino, ndi mfundo yakuti zofuna za anthu zilibe malire pomwe zinthu zokwaniritsira zofunazo n'zochepa, choncho kusankha chinthu chimodzi ndi kutaya china. Kuchokera pamenepo amafotokoza chifukwa chake mayiko amapindula pochita malonda ngakhale limodzi litakhala laluso pa chilichonse kuposa linzake, ganizo limene David Ricardo analifotokoza mu 1817, kenako amalowa m'nkhani ya mmene mtengo umakhazikikira malinga ndi kuchuluka kwa katundu pamsika ndi kuchuluka kwa omufuna. Vidiyo yonena za mavuto a zachuma a 2008, chaka chimene banki ya Lehman Brothers inagwa, ndi imodzi mwa zabwino kwambiri pa mavidiyo onse amene ndinaonera, chifukwa imalondoloza bwino mmene ngongole za nyumba zoperekedwa kwa anthu osatha kubweza zinasandutsidwira katundu wogulitsa pakati pa mabanki mpaka vutolo linafalikira dziko lonse. Kukhala ndi mtolankhani ndi mphunzitsi pamodzi kunathandiza, popeza wina amakokera ku zochitika zenizeni pomwe wina amakokera ku mfundo za m'kalasi.

Chofooka chake n'chakuti zitsanzo zambiri ndi za United States. Akamafotokoza mmene banki yaikulu ya dziko imakwezera kapena kutsitsa chiwongoladzanja pofuna kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu, amanena za Federal Reserve, ndipo zimenezo n'zoona kwa dziko limene ndalama yake imagwiritsidwa ntchito pa malonda a dziko lonse ndipo limakongola m'ndalama yake yomwe. Dziko limene limakongola m'ndalama zakunja ndipo limadalira kugulitsa mbewu kapena miyala ya mtundu umodzi limakumana ndi mavuto ena, ndipo woonera ayenera kudziwa kuti zimene wamvazo sizingakopedwe n'kuikidwa paliponse mmene zilili. Komanso mavidiyowa anatha mu 2016, choncho sanena kanthu za kukwera mitengo kumene kunagwedeza mayiko ambiri pambuyo pa mliri wa COVID-19. Magalafu nawonso ali ndi vuto lofanana ndi la masamu a kemisitiri, chifukwa mzere umasuntha pa sikirini ndipo zimaoneka zomveka, koma munthu sadziwa ngati wamvetsa mpaka atajambula yekha n'kunena kumene mtengo ulowere katundu akachepa pamsika.

Jogalafe inandidabwitsa chifukwa ndiyo yodekha kuposa onse. Alizé Carrère amalankhula mosathamanga kwambiri, nthabwala ndi zochepa, ndipo zitsanzo amazitenga m'makontinenti onse. Theka loyamba likunena za dziko lenilenilo, monga nyengo, mphepo, miyala, mitsinje ndi kuyenda kwa zigawo zikuluzikulu za nthaka, ganizo limene Alfred Wegener analiyambitsa mu 1912 koma linavomerezedwa patapita zaka pafupifupi makumi asanu. Theka lachiwiri likunena za anthu, kusamuka kwawo, zilankhulo, mizinda ndi malire a mayiko. Mfundo imene imatsindikidwa koyambirira, yakuti mapu aliwonse amapotoza china chake chifukwa dziko lobulungira silingayalidwe papepala popanda kulikoka, ndi yofunika kwa aliyense. Pa mapu a mtundu umene Gerardus Mercator anakonza mu 1569, Greenland amaoneka ngati wofanana kukula ndi Africa, chikhalirecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Munthu akazindikira zimenezi amayamba kufunsa kuti mapu amene ali patsogolo pake anawajambula ndani ndiponso ankafuna kuonetsa chiyani. Kumapeto kwa mavidiyowa amakumbutsanso kuti malire ambiri a masiku ano anaikidwa popanda kufunsa eni nthaka, ndipo ndinaona kuti chikumbutso chimenechi n'choyenera pa phunziro lotere.

Phindu lalikulu limene sindinaliyembekezere linabwera chifukwa choonera maphunziro asanuwa m'nyengo imodzi. Mphepo ya monsoon imene inkayendetsa zombo za amalonda m'phunziro la mbiri ndi yomweyo imene jogalafe imafotokoza kuti imayamba chifukwa nthaka imatentha ndi kuzizira msanga kuposa nyanja. Matenda a nthomba amene anapha anthu ochuluka ku America pambuyo pa ulendo wa Columbus wa 1492 amamveka bwino munthu akadziwa za chitetezo cha m'thupi kuchokera ku bayoloje. Chitsanzo chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha nayitrojeni. Mpweya umenewu ndi magawo 78 pa 100 alionse a mpweya wotizungulira, koma zomera sizitha kuugwiritsa ntchito mmene ulili. Fritz Haber anapeza njira youphatikiza ndi haidrojeni kuti apange amoniya mu 1909, ndipo Carl Bosch anaikulitsa njirayo kuti igwire ntchito m'fakitale pofika 1913. Nkhani imodzi yomweyi ndi ya kemisitiri chifukwa ikukhudza kutentha ndi kupanikizika kwa mipweya, ndi ya bayoloje chifukwa mapulotini amafuna nayitrojeni, ndi ya zachuma chifukwa feteleza wopangidwa ndi amoniya anachulukitsa zokolola, ndiponso ndi ya mbiri chifukwa amoniya yemweyo anathandiza Germany kupanga zophulika pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Crash Course simalumikiza zonsezi m'vidiyo imodzi, koma popeza maphunziro onse ali pamalo amodzi ndipo ndi aafupi, woonera amatha kuzilumikiza yekha, zomwe zimavuta kusukulu kumene phunziro lililonse lili ndi ola lake ndi mphunzitsi wake.

Nkhani ya liwiro la kalankhulidwe siyenera kuchepetsedwa. Abale awiriwa amalankhula mothamanga kwambiri, ndipo pokonza mavidiyo anadula mipata yonse yopumira, moti chiganizo chimagundana ndi chinzake popanda nthawi yoti mfundo ikhazikike. Kwa munthu amene Chingerezi si chilankhulo chake chobadwira, zimenezi zimatopetsa, makamaka pa mitu imene mawu ake ndi achilendo kale. Mwayi wake ndi wakuti YouTube imalola kuchepetsa liwiro la vidiyo, ndipo kuliika pa 0.75 kumathandiza popanda kuwononga mawu. Mavidiyowa alinso ndi mawu olembedwa m'munsi amene munthu angawayatse, ndipo pa bayoloje ndi kemisitiri ndi ofunika zedi chifukwa amaonetsa kalembedwe ka maina a sayansi. Ambiri mwa mavidiyo a sayansi amathera ndi chidule cha mitu imene yafotokozedwa, ndipo chidulechi chingagwiritsidwe ntchito ngati mayeso: munthu aimitse vidiyo, atenge mutu uliwonse n'kuyesa kuufotokoza m'mawu akeake asanapite ku vidiyo yotsatira.

Kwa munthu wamkulu amene anasiya sukulu kalekale ndipo akufuna kudziwa zimene maphunzirowa amanena, kapena kwa wophunzira amene akufuna kuona chithunzi chonse cha mutu asanaumve m'kalasi, ndikuwavomereza mavidiyowa ndi mtima wonse, makamaka a mbiri yakale ndi a jogalafe, amene angaonedwe okha n'kupindula nawo kwambiri. Mphunzitsi nayenso angapezemo njira zatsopano zoyambira mutu. Koma wophunzira amene akukonzekera mayeso adziwe kuti mavidiyowa sanakonzedwe motsatira silabasi yake, choncho mitu ina imene adzafunsidwe mulibe ndipo ina imene ilimo sadzafunsidwa. Pa kemisitiri ndi zachuma, vidiyo imodzi ya mphindi khumi imafuna pafupifupi ola lathunthu la kuwerengera ndi kujambula magalafu kuchokera m'buku lokhala ndi mafunso ndi mayankho, ndipo ndi bwino kuonera imodzi patsiku m'malo moonera zisanu motsatizana, chifukwa mutu uliwonse wa kemisitiri umatsamira pa umene wapita, moti amene sanagwire bwino za mole adzasochera akafika pa maasidi ndi mipweya.